Lole Imayamba Kudya, Mwini Wake Pambuyo

Ife makolo timakondwa mwana wathu akasiya kuyendetsa lole ya bwana nagula yakeyake. Koma kodi timamuuza zimene zikumdikira?

Kale tayala likaphulika, wolira anali bwana. Tsopano wolira ndi iye mwini. Dizilo, inshuwalansi, chiphaso cha COF, malipiro a pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, ndiponso ngongole ya kubanki, zonsezi zimatuluka m'thumba limodzi. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo, koma ngongole sinadikire munthu.

Ntchitoyi ilinso ndi nyengo zake. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Limbe cha mu Epulo, katundu amachuluka. Dzinja likafika, misewu ya kumidzi imasanduka matope, lole n'kugona pabwalo. Ndipo wopita ku Beira akabwerako wopanda katundu, phindu lonse lathera panjira.

Chotero, anyamata inu, sungani ndalama za lole pazokha, muzidzipatsa malipiro monga wantchito. Nafenso abale tisathamangire kupempha poona galimoto pakhomo. Paja akulu anati, walira mvula walira matope.