Pulogalamu Iziyesedwa Isanafike kwa Anthu

Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central, anayamba kulembetsa odwala pa makompyuta ongodina pagalasi. Ntchitoyi inakula pansi pa bungwe la Baobab Health mpaka kufika m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Komatu pulogalamu ya kompyuta imafunika kusinthidwa malamulo akasintha, monga mu 2011 pamene dziko lino linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi HIV. Nanga zosinthazo zingafike bwanji kwa anamwino popanda kuwononga zomwe zikuyenda bwino kale?

Njira yomwe akatswiri ambiri amatsata masiku ano amaitcha continuous integration. Ife ophunzira zauphunzitsi sitingavutike kuimvetsa. Mphunzitsi wabwino sadikira mayeso a MANEB kuti adziwe kuti mwana sanamve masamu. Amamuyesa pang'onopang'ono teremu yonse. Pulogalamunso imayesedwa nthawi iliyonse wina akasinthamo kanthu, ngakhale mzere umodzi.

Poyamba, olemba pulogalamu amasunga ntchito yawo malo amodzi pogwiritsa ntchito Git, yomwe Linus Torvalds anapanga mu 2005. Kenaka amalemba fayilo yofotokoza masitepe oti kompyuta izitsata, ndipo mndandanda wa masitepewo ndiwo pipeline. Wina akatumiza zosintha, chida monga Jenkins kapena GitHub Actions chimasonkhanitsa pulogalamu yonse n'kuiyesa. Mwachitsanzo, chimalowetsa kulemera kwa mwana wongopeka n'kuona ngati mlingo wa mankhwala watuluka wolondola. Yeso limodzi likalephereka, zonse zimaima ndipo wolembayo amauzidwa nthawi yomweyo. Zikatheka, pulogalamu imapita pa seva yoyeserera, ndipo ikavomerezedwa imatumizidwa kwa oigwiritsa ntchito. Mawu achinsinsi olowera pa seva salembedwa m'fayiloyo, amasungidwa padera. Pamakhalanso njira yobwerera ku pulogalamu yakale zinthu zikavuta.

N'chifukwa chiyani osangotuma munthu kukaika ndi manja? Munthu amatopa ndipo amaiwala. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America inataya ndalama zoposa madola 400 miliyoni m'mphindi 45, chifukwa pulogalamu yatsopano inaikidwa pa maseva 7 mwa 8, imodzi n'kutsala ndi yakale. Kumeneko kunatayika ndalama. Kuchipatala kungatayike mbiri ya wodwala yemwe wayenda wapansi kuchokera kumapiri a Ntcheu kudzalandira mankhwala.

Koma makina amangoyankha zomwe afunsidwa. Monga mayeso osavuta amakhozetsa ndi mwana wosadziwa yemwe, mayeso olembedwa mwaulesi amalola pulogalamu yolakwika kudutsa. Choncho anzathu amene mukuphunzira zamakompyuta, musathamangire kutumiza. Yambani ndi yeso limodzi loganiziridwa bwino, ndipo cholakwika chilichonse chikapezeka, chilembereni yeso lake kuti chisadzabwerenso mwakachetechete.