Nsalu ya Matope ya Amayi a ku Mali

Mukadzaona mwana wanu atavala malaya akuda kapena odera, okhala ndi timizere tokhotakhota ndi timadontho toyera, dziwani kuti maluwa amenewo ali ndi kwawo. Kwawoko ndi ku Mali, dziko la kuzambwe kwa Africa kumene anthu ochuluka ndi Asilamu ngati ife. Nsaluyo imatchedwa bogolanfini. M'chiyankhulo cha mtundu wa Bamana, bogo ndi matope ndipo fini ndi nsalu. Eni ake a lusoli ndi amayi a kumidzi, makamaka m'dera la Beledougou, kumpoto kwa mzinda wa Bamako.

Ntchito ya amuna ndi kuomba thonje kukhala timalamba ta nsalu topapatiza, nkutisokerera pamodzi mpaka chitenje chikwane. Zotsalazo ndi za mayi. Iye amaviika nsaluyo m'madzi a masamba a mtengo wotchedwa ngalama, ndipo ikauma padzuwa imakhala yachikasu. Kenaka amavundukula mtsuko wa matope omwe adakatapa pansi pa mtsinje kapena dziwe, nawasunga miyezi yambiri, mwina chaka chathunthu. Ndi kamtengo kapena kachitsulo amayamba kulemba. Chondidabwitsa ine ndi ichi: mayiyu sapaka duwa lenilenilo ayi, amapaka malo olizungulira, ndipo duwalo limaoneka pamene sadapakepo. Nsalu ikauma amaichapa, matope nkuchoka, koma kuda kwake kumatsala, chifukwa chitsulo chopezeka m'matopemo chagwirana ndi madzi a masamba aja. Amabwereza kangapo kuti ide bii, ndipo pomaliza amayeretsa malo achikasu aja ndi sopo wamphamvu. Chitenje chimodzi chimadya masabata.

Maluwawo ali ndi mayina. Lina ndi minga ya nsomba, lina ndi mtsamiro wa mkazi wa ku Mauritania. Ena amakumbutsa miyambi, ena nkhondo zakale, ena malangizo a m'banja. Mtsikana ankawaphunzira atakhala pambali pa amayi ake kapena agogo ake, monga momwe ana athu kuno kunyanja amaphunzirira kuzira nyumba. Matanthauzo ena amayiwo sankaulula kwa amuna.

Koma nsaluyi siinali yongotchenera. Makolo a Abamana ankakhulupirira kuti m'chilengedwe muli mphamvu yosaoneka yotchedwa nyama. (Musaseke, si nyama ya ndiwo iyi.) Iwo ankati mphamvuyi imatuluka pamene magazi akhetsedwa, ndipo ikhoza kuvulaza munthu. Tsono bogolanfini ankaiyesa chotchinga choyamwa mphamvuyo. Nchifukwa chake ankamuveka mayi amene wangobereka kumene, ndiponso alenje ankavala malaya ake polowa m'tchire, atasokererapo zithumwa. Ankamuvekanso mtsikana wotuluka ku chinamwali cha kumeneko, chomwe chimaphatikizapo mdulidwe wa atsikana, mchitidwe umene achipatala adatsimikiza kuti umaononga thanzi la mkazi ndi kuvutitsa pobereka. Zimenezo sindingaziyamikire, ngakhale nsaluyo ikongole chotani.

Mmodzi mwa amayi amene adatchuka ndi lusoli ndi Nakunte Diarra wa ku Kolokani, yemwe adamwalira mu 2020. Iye adasunga njira yakale ija, ndipo mu 2003 adakaonetsa ntchito yake ku Washington, pa chionetsero cha zachikhalidwe cha bungwe la Smithsonian.

Pamene iye ankatchuka nkuti zinthu zitasintha kale. Mu 1978 ophunzira zojambula ku Bamako adayambitsa gulu la Bogolan Kasobané, nayamba kujambula zithunzi ndi matope omwewo. Katswiri wa zovala Chris Seydou, amene adamwalira mu 1994, adatenga maluwa a bogolan nawaika pa majekete ndi masiketi, mpaka adatchuka ku Paris. Msika utakula, anyamata a m'matauni adalowamo. Ambiri a iwo amaika pansalu chikatoni choboola, nkupakapo matope mofulumira, kotero kuti amatulutsa nsalu zingapo pa nthawi imene gogo wa kumudzi akadali pa imodzi. Mafakitale nawo amasindikiza maluwawo ndi makina popanda ndi dontho lomwe la matope. Ndalama zikuyenda ndithu, koma wogulitsa mukamufunsa dzina la duwa limene akukugulitsani, kawirikawiri amangoseka.

Tsiku lina ku madrasa mwana wina, nditawafotokozera nkhaniyi, adandifunsa kuti: "Ustazi, ndiye kuti chitenje cha amayi anga chija ndi haramu?" Ndidamuyankha kuti thonje, masamba ndi matope zonse adalenga ndi Allah, ndipo mizere ndi madontho zilibe tchimo. Choletsedwa ndi kukhulupirira kuti nsalu payokha ingamtchinjirize munthu ku zoipa, pakuti kumeneko ndi kumphatikiza Allah ndi zolengedwa zake, chimodzimodzi ndi mkuzi wa zithumwa umene ena amamangirirabe makanda m'chiuno. Mwanayo adakhala kaye chete, kenaka adafunsa ngati matope a m'dambo la kwathu kuno angadetsenso nsalu chotero. Tidagwirizana kuti mvula ikatha tidzakatape mtsuko umodzi tiyese.