Galu Wachilendo Pakhomo

Galu wopulumutsidwa m'misewu, monga agalu amene bungwe la LSPCA ku Lilongwe limapereka kwa ofuna kuwalera, amafika pakhomo ali ndi mantha. Miyala ndi ndodo zimene anakumana nazo kale sanaziiwale. Tsono akabisala kuseri kwa nyumba atapinda mchira, mbuye wake asafulumire kumuyesa wopanda pake.

Masiku oyamba galuyo akhale m'kati mwa mpanda kuopa kuti angathawe, ndipo apatsidwe pogona pakepake poyalidwa chiguduli. Madzi asasowe, chakudya chizibwera nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ana alangizidwe kuti asamuzinge kapena kumukhudza pamene akudya, pakuti galu wamantha sachedwa kuluma. Womudyetsa azimuitana ndi mawu ofatsa, ndi kumuleka abwere yekha kudzanunkhiza dzanja.

Chinanso chosayenera kuzengereza ndi katemera wa chiwewe, popeza munthu sachira matendawa zizindikiro zake zikangooneka. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala.

Pakapita milungu ingapo, galu uja amayamba kugwedeza mchira akamva mapazi a mbuye wake. Usiku amauwa mlendo akafika pachipata, chifukwa tsopano pakhomopo ndi pake.