Kugumula linga la nkhondo, ndi zimene zimatsalira m'nthaka

Mukamachoka ku Phalombe kulowera kwa Nkhulambe, msewu umakwera n'kudutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese. Chapomwepo pali mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi adamanga m'chaka cha 1893. Sadasankhe malowo chifukwa cha kamphepo kayaziyazi. Ogulitsa akapolo ankadutsa pampatapo popita kunyanja yamchere, ndipo asilikali ochepa okhala pamalo opanikizika ngati amenewo amatha kutsekereza gulu lalikulu. Mfumu Matipwiri, imene inkalamulira njira za kuderali, idagonja mu 1895.

Nzeru ya linga lililonse yagona pamenepa. Wotchinjiriza amabisala, amawadziwa malo, ndipo amadikira. Woukira ayenera kuyenda poyera. N'chifukwa chake m'sukulu za usilikali muli kawerengedwe kakale kakuti woukira akhale ndi anthu atatu pa wotchinjiriza mmodzi aliyense, ndipo nthawi zambiri atatuwo sakwana.

Mwina mukudabwa kuti za nkhondo zikufunanji patsamba la zaumoyo. Pirirani pang'ono. Zida zotchinjirizira linga ndi zoligumulira sizitha nkhondo ikatha. Zimatsala m'munda, ndipo amene amazitola ndi ana.

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Ku Karonga, Mlozi ndi anzake ogulitsa akapolo adali ndi malinga a mitengo yomata dothi, okhala ndi timabowo towomberapo mfuti. Mu June 1888 Frederick Lugard adatsogolera gulu la kampani ya African Lakes kukaukira linga la Kopa Kopa. Anthu ake adathamangira khoma ndi mfuti zam'manja, koma adalephera kulowa, ndipo Lugard mwiniwake adawomberedwa n'kuvulala kwambiri. Chaka chotsatira kudabwera mzinga. Nawonso sudathandize kwenikweni, chifukwa zipolopolo zake zinkangoboola dothi n'kudutsa, khoma lili chiimire. Linga la Mlozi lidagwa mu December 1895, pamene Harry Johnston adabwera ndi asilikali pafupifupi 400, mizinga ingapo ndi sitima zapanyanja. Adalizungulira kaye kuti pasakhale wothawa kapena wobweretsa thandizo, adaliphulitsa ndi mizinga, kenako n'kulowa. Mlozi adanyongedwa pa 4 December.

Onani kusiyana kwake. Mu 1888 padali kulimba mtima kokha. Mu 1889 padali chida chimodzi chogwira ntchito pachokha. Mu 1895 zida zosiyanasiyana zidagwira ntchito nthawi imodzi, china kuphimba kufooka kwa chinzake. Mpaka lero magulu ankhondo akuluakulu akulimbanabe ndi phunziro lomweli, ndipo ena adaliphunzira ndi magazi ochuluka zedi. Ku Somme m'dziko la France, mu 1916, Angerezi adawomba mizinga sabata yathunthu poganiza kuti waya waminga ndi ngalande za Ajeremani zatheratu. Ajeremani adali m'maenje akuya pansi, akudikira. Mizinga itangoleka adatuluka ndi mfuti zachiwaya, ndipo pa 1 July pokha asilikali a Britain oposa 19,000 adafa.

Linga la masiku ano si khoma limene mungaliloze ndi chala. Ndi dera lotambalala makilomita ambiri, lokhala ndi misampha yotsatizana. Limene asilikali a Russia adakonza kummwera kwa Ukraine, m'chigawo cha Zaporizhzhia, lidayamba ndi minda ya mabomba okwirira pansi. Kuseri kwake kudali maenje akuluakulu oti akasinja agweremo, kenako mizere ya zipilala zasimenti zosongoka zimene amazitcha mano a chinjoka, kenako ngalande za asilikali. Mukapyola zonsezi mumakapeza mzere wachiwiri wofanana ndi woyambawo.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mabomba okwirirawo ntchito yake yaikulu si kupha. Ntchito yake ndi kuchedwetsa woukira ndi kumukakamiza kuyenda m'kanjira kamodzi kopapatiza, monga mmene alenje amatchingira tchire kuti nyama ithawire kumene kuli ukonde. Kanjira kameneko mizinga ya wotchinjiriza idakayeza kale.

Ndiye woukira amatani? Choyamba amafufuza pamene linga ndi lofooka, n'kunamiza mdani kuti adzera kwina. Ikafika nthawi, mizinga ndi ndege zimawomba mosalekeza, osati kuti ziphe aliyense, koma kuti wotchinjiriza asadzutse mutu. Utsi wochita kupanga umaphimba malowo. Zikatero mainjiniya a nkhondo amalowa. Ali ndi roketi imene imakoka chingwe chachitali chodzaza zophulika, chotalika mamita pafupifupi 100. Chingwecho chikagwa pamunda wa mabomba amachiphulitsa, ndipo kugunda kwake kumaphulitsa mabomba ambiri apafupi. Pambuyo pake pamabwera kasinja wokhala ndi pulawo kutsogolo, amene amagalauza nthaka n'kukankhira mabomba otsala m'mbali, ngati mlimi akupanga mzere. Kanjirako amakaika zizindikiro, ndipo magalimoto a asilikali amadutsa mondondozana. Akadutsa sayenera kuima, chifukwa wotchinjiriza amakhala atasunga gulu lina kumbuyo loti lidzatseke mpatawo.

Zonsezi ziyenera kuchitika motsatana bwino, m'mphindi zowerengeka. Kasinja wa pulawo akangophulitsidwa pakati pa kanjira, onse akumbuyo aima, ndipo sangapatuke chifukwa uku ndi uku kuli mabomba.

Mu February 1991 asilikali a America adachita zimenezi pamalinga a Iraq, ndipo nkhondo yapamtunda idatha m'maola 100 okha. Komatu ndege zawo zidali zitaphulitsa asilikali a Iraq kwa masabata oposa asanu, ndipo mlengalenga monse mudali mwawo. Mapulawo aja adakwiriranso asilikali a Iraq amoyo m'ngalande zawo, nkhani imene ambiri otamanda chipambanocho amailumpha.

Asilikali a Ukraine atayesa njira yomweyi mu June 2023, zinthu zidavuta. Adalibe ndege zokwanira. Minda ya mabomba idali yaikulu kuposa mmene zingwe zawo zophulitsira zikadafikira. Choposa zonse, timandege topanda munthu, madroni aja, tinkaona chilichonse usana ndi usiku, moti gulu likangosonkhana mizinga idali itadziwa kale. Pamasiku oyambirira adataya akasinja ndi magalimoto pafupi ndi mudzi wa Mala Tokmachka, kenako adasintha n'kuyamba kutumiza timagulu ta asilikali oyenda pansi, ochotsa mabomba ndi manja usiku. Adalanda mudzi wa Robotyne kumapeto kwa August, koma ku Tokmak, tauni imene idali panjira yawo yopita kunyanja ya Azov, sadafikeko. Kunena zoona, pakadali pano wotchinjiriza ndiye ali pabwino kuposa woukira, ndipo zotsatira zake n'zakuti mabomba akukwiriridwa ochuluka.

Apa ndiye pakukhudza inu ndi ine. Bomba lokwirira silidziwa kuti kudasainidwa pangano la mtendere. Lopangira munthu limaphulika ngakhale ndi phazi la mwana, ndipo ambiri adapangidwa dala kuti adule mwendo osati kupha, poti msilikali wovulala amatangwanitsa anzake omunyamula. Lopangira kasinja limafuna kulemera koposa makilogalamu 100, choncho munthu angathe kuliponda osaphulika, koma ngolo ya ng'ombe kapena thalakitala imaliphulitsa. Mbali ya woukira nayo imasiya zake: mwa zipolopolo za mizinga zimene zimawombedwa, zina siziphulika. Alimi a ku France ndi Belgium akufukulabe za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 polima.

Phalombe adachita malire ndi Mozambique, kumene nkhondo yapachiweniweni idatha mu 1992. Tauni ya Milange, tsidya lina la Muloza, idalandidwa ndi Renamo mu 1986 ndipo boma lidaitenganso mu 1988. Akuluakulu a m'midzi ya m'malire akukumbukira anthu othawa nkhondo, amene m'dziko muno adafika pafupifupi 1 miliyoni. Mbali zonse ziwiri zinkakwirira mabomba mozungulira matauni, milatho ndi njira, ndipo Apwitikizi adali atakwirira kale ena mozungulira damu la Cahora Bassa ku Tete.

Ntchito yowachotsa idatenga zaka zoposa 20. Bungwe la HALO Trust lokha lidachotsa oposa 171,000. Ena mwa ogwira ntchitoyi adali abwampini, amene bungwe la APOPO limawaphunzitsa ku Morogoro m'dziko la Tanzania. Bwampini amanunkhiza mankhwala ophulika, ndipo ndi wopepuka moti bomba siliphulika akalidutsa. Inu alangizi a zaumoyo mudzakondwa kumva kuti abwampini omwewa ankanunkhizanso TB m'makhololo ku Maputo. Dziko la Malawi lidalengeza mu 2008 kuti lamaliza kufufuza malo amene ankakayikiridwa, ndipo Mozambique idalengeza mu September 2015 kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yachotsedwa.

Mawu oti "yodziwika" muwagwire. Gireneti imene wina adabisa m'phanga kapena chipolopolo cha mzinga chimene chidagwera m'dambo sizili pamapu a munthu aliyense. Madzi osefukira a mu 2000 ku Mozambique adasuntha mabomba kuwachotsa pamene adalembedwa. Amene mudaona mmene namondwe Freddy adatembenuzira nthaka kwa Nkhulambe mu March 2023 mukudziwa kuti madzi amafukula zimene zidakwiririka kalekale. Sitikuti muziopa kulima minda yanu ayi. Tikunena za anthu amene amakalima kapena kukatola nkhuni kutsidya, ndi za ana otola zitsulo zokagulitsa pasikelo.

Muwauze anawo momveka: chitsulo chachilendo chooneka ngati chitini, chinanazi, botolo lokhala ndi zipsepse kumchira kapena mbale yokhuthala, asachigwire, asachigende, asachiike pamoto, asachimenye ndi hamala pofuna kuona zamkati. Dzimbiri silichipha mphamvu. Nthawi zina chakalecho ndiye sichichedwa kuphulika. Achoke podzera mmene adabwerera, akauze munthu wamkulu, ndipo inu mukauze amfumu ndi apolisi. Musachinyamule kupita nacho kupolisi.

Ngozi ikachitika patchire pamene mukukayika kuti pali mabomba ena, musathamangire wovulalayo, ngakhale mtima ukukana. Bomba lokwirira kawirikawiri silikhala lokha. Muyankhuleni muli patali, mumuuze kuti asakwawe ndipo atsindike bala lake, wina akaitane thandizo. Pamene mungamufikire bwinobwino, chopha msanga ndi kutaya magazi. Tsindikani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza. Ngati mwendo kapena mkono waduka ndipo magazi sakuleka, mangani chitenje chopinda kumtunda kwa bala, muchipotokole ndi kamtengo mpaka magazi aime, mulembe nthawi imene mwamanga, ndipo musamasule panjira. Chitsulo chimene chalowa m'thupi musachizule. Mufunditseni, musamupatse chakudya kapena chakumwa chifukwa angafunike opaleshoni, ndipo kuchipatala mukumbutse za katemera wa kafumbata poti mabala otere amadzaza dothi.

Mwana amene adali pafupi koma akuoneka kuti alibe bala, nayenso apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mphepo ya kuphulika imaboola ng'oma ya khutu ndipo imatha kuvulaza mapapo ndi matumbo, zizindikiro zake n'kudzaoneka patapita maola. Akayamba kubanika, kutsokomola magazi, kumva m'mimba kupweteka kapena kusamva bwino, musadikire kuti kuche.