Nsambo za Agide Zifuna Kumvedwa Pafupi

Tsiku lina m'nyengo yosankha fodya tinacheza kwa mbale wathu wina amene akhala kufupi ndi msika wa Chinkhoma kuno ku Kasungu. Banja lonse linali pansi pa chigafa, ena akusankha masamba, ena akumanga timitolo, ndipo mnyamata wina wa pabanjapo anatsegula nyimbo pa foni yake kuti ntchito ipepuke. Kanyimboko kanali kakafupi, kosafika ndi mphindi imodzi yomwe, kamangobwereza pamodzimodzi. Koma agogo ake, bambo wokalamba amene anabwera kuno kuchokera ku Thyolo zaka zambiri zapitazo kudzalima fodya wa eni ake, anaika pansi tsamba limene linali m'manja nati, "Amenewo ndi Agide."

Mnyamatayo anadabwa. "Agogo, mwawadziwira kuti? Imeneyitu ndi ya pa TikTok."

"Mdzukulu wanga," anatero mkuluyo, "iwe wangomva fungo, ndiwo zake sunadye."

Mau amenewa akhala akutibwerera m'mtima, ndipo ndi amene atilembetsa nkhani ino. Tifuna kukamba za chinthu chimene ambiri a ife, makolo ndi ana omwe, tikuchitaya osazindikira: kukhala pamaso pa munthu wokalamba woimba gitala, kuona manja ake, ndi kumva nyimbo ilikubadwa nthawi yomweyo.

Bambo Giddes Chalamanda, amene dziko lonse liwatchula Agide, anabadwa m'chaka cha 1930 m'boma la Chiradzulu, ndipo anayamba kuimba ali mnyamata wa zaka 12. Pamene wailesi ya MBC inayamba kuulutsa mau mu 1964, iwo n'kuti ali kale bambo wa zaka zoposa 30. Nyimbo zao, monga Che Meli ndi Linny, amasakaniza Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi. M'nyimbo ina anaimba za khumbo lao lokaona dziko la America, ndipo anthu anaimvera zaka zambiri akumwetulira, monga timachitira ndi maloto a munthu wosauka. Koma mu 2016, ali ndi zaka 86, anakweradi ndege pamodzi ndi oimba anzao Edgar ndi Davis, nakaimba mumzinda wa Washington ku Library of Congress, nyumba yaikulu yosungiramo mabuku ya dzikolo. Mu 2020 anajambula nyimbo zao zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pofika kuchiyambi kwa 2022 kachigawo ka nyimbo ya Linny kanali kataonedwa koposa 80 miliyoni pa TikTok. Atolankhani amene anapita kwao nthawi imeneyo anapeza kuti mwini nyimboyo analibe foni yoonera zimenezi.

Wina angafunse kuti kodi munthu wa ku Chiradzulu akutikhudza bwanji ife a m'zigwa za Kasungu. Yankho lake lili m'minda yathu yomweyi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene maesiteti a fodya anachuluka kuno, mabanja ambiri anabwera pa malole kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, kumene malo olima anali atachepa, kudzakhala matenanti a fodya wa bale. Anabwera ndi mphasa, mapoto ndi makasu. Ena anabweranso ndi banjo. Ndiwo anatiphunzitsa kukonda nyimbo za Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo uja, ndi gulu lake la Chimvu, ndiponso za Daniel Kachamba wa ku Chileka. Madzulo, ntchito itatha, nyimbo zimenezi zimamveka m'misasa ya udzu, zina pa wailesi ya mabatire, zina pa nsambo za waya wa mabuleki a njinga womangidwa pa chigubu cha mafuta.

Moyo wa tenanti tonse tiudziwa. Amalandira chimanga, feteleza ndi zina pa ngongole chaka chonse, ndipo fodya akagulitsidwa, mwini munda amayamba wachotsa zake. Chotsala, ngati chilipo, ndicho cha mlimi. Ambiri amafika pa tsiku lowerengera napeza kuti thukuta la miyezi isanu ndi inai lathera m'buku la kalaliki. Lamulo la dziko linaletsa kalembedwe kotere ka antchito mu 2021, koma amene anadutsamo akali pakati pathu, ndipo ena tikhala nao pa benchi imodzi Lamulungu.

Tsono chodabwitsa n'chakuti kutsidya kwa nyanja, kummwera kwa dziko la America, anthu akuda anakhala moyo wonga womwewu m'minda ya thonje ukapolo utatha. Nawonso amalima munda wa mwini, kudya pa ngongole, ndi kugawana zokolola mosalingana. M'minda imeneyo ndimo munabadwa nyimbo zotchedwa blues, nyimbo za munthu wotopa amene adandaula koma osagonja. Pamene ana a alimiwo anasamukira m'mizinda monga Chicago, analumikiza magitala ao ku magetsi, ndipo anyamata a ku England a m'ma 1960, monga Eric Clapton ndi gulu la Rolling Stones, anatengera maimbidwewo nawawonjezera phokoso ndi liwiro. Ndiwo maimbidwe amene atchedwa blues rock.

Mmodzi wa akuluakulu amene anyamatawo anaphunzirako ndi Bambo Buddy Guy, amene anabadwa mu 1936 ku Lettsworth m'chigawo cha Louisiana, mwana wa alimi ogawana zokolola. Ali mwana anathyola thonje, ndipo choimbira chao choyamba anadzipangira okha ndi mawaya awiri, monga achitira ana athu kuseri kwa chigafa. Anapita ku Chicago mu 1957, ndipo mu 2023, ali ndi zaka 86, anayamba ulendo wotsazika akuimbabe pamaso pa makamu. Anthu odziwa za nyimbo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mbale zao zoyamba sizinaonetse ndi theka lomwe la zimene amachita pamaso pa anthu. Ali mnyamata amalumikiza gitala ku chingwe chachitali kwambiri, natsika pa nsanja, nayenda pakati pa omvera, nthawi zina mpaka kutuluka pakhomo akuimbabe. Amatha kuliza nsambo mokweza ngati mphenzi, kenaka mwadzidzidzi n'kutsitsa mpaka anthu ayambe kutontholetsana kuti amve. Gitala lao la madonthomadontho nalonso lili ndi mbiri: pochoka kwao analonjeza mai ao kuti adzawagulira galimoto la madontho otere, ndipo maiwo anamwalira lonjezolo lisanakwaniritsidwe.

Sitikunena kuti Agide ndi Bambo Guy aimba zofanana. Wina agwiritsa gitala la magetsi ndi gulu lalikulu, wina gitala louma ndi mau ake basi. Koma onse awiri anaphunzira ntchito yao pamaso pa anthu, osati m'chipinda chojambulira, ndipo munthu wophunzira motero amakhala ndi luso lina limene makina sangalinyamule.

Luso limeneli liyamba nyimbo isanayambe. Woimba wachikulire safulumira. Amakhala pansi, napotokola zomangira nsambo, nayesa imodzi imodzi, akuyang'ana anthu. Achinyamata amaganiza kuti akutaya nthawi, koma iye akuyesa omvera monga mlimi ayesa chinyontho cha tsamba asanaligwire, chifukwa tsamba louma kwambiri limafumbutuka. Akaona kuti pali amai ambiri, adziwa nyimbo yoyambira. Akaona kuti anthu ali ndi nkhawa, ayamba ndi nthabwala. Pamene ayamba, yang'anani dzanja lake lamanja. Oimba ambiri a mbadwo umenewo amaliza nsambo zazikulu ndi chala chachikulu, kuti zigunde ngati ng'oma, pamene chala cha mkombaphala chikuyendetsa nyimbo pa nsambo zazing'ono, kotero kuti munthu mmodzi amveka ngati awiri. Pa wailesi mumangomva zotsatira zake. Pafupi mumaona kuti zala ziwirizo zikukambirana, china chikufunsa, china chikuyankha.

Chinanso n'chakuti nyimbo yoimbidwa pamaso pa anthu ilibe utali woikika. Anthu akaikonda, imatalika; mai wina akalulutira, woimba amabwerera pamene analulutirapo. Nsambo ikaduka, nyimbo siima, imangopeza njira ina. Amene tinaonapo Agide akuimba tikumbukira kamunthu kochepa thupi, kankhope kosekerera, kamene kamatha kudzuka n'kuvina pang'ono anthu n'kuseka ndi chimwemwe. Mau ao ndi a munthu wokalamba, ndipo sabisa ukalambawo. Ife tiganiza kuti pamenepo ndi pamene pali kukoma kwake. Pamene bambo wa zaka 90 aimba nyimbo yonena za mwana wake wamkazi, monga ilili nyimbo ya Linny, kholo lirilonse limva kuti mauwo achokera kwa munthu amene analera, anaika maliro, naona zambiri. Kachigawo ka pa foni kamasunga kugunda kokha koti anthu avinire, n'kusiya zonsezi kunja.

Apa tiyenera kulankhula ndi makolo anzathu mosabisa. Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti gitala ndi chida cha kumowa, ndipo mnyamata wopezeka nalo amayesedwa wotayika. Mantha amenewa sanali opanda chifukwa. Malo amene oimba athu amapeza omvera anali kawirikawiri malo omwera, ndipo kuno ku Kasungu tidziwa bwino chimene chimachitika m'malo otere ndalama za fodya zikatuluka: bambo amachoka ndi ndalama za chaka chonse, nabwera patapita sabata ali ndi malaya atsopano okha. Palibe kholo lofuna mwana wake akhale kumeneko, ndipo ifenso sitikutuma mnyamata kapena msungwana aliyense kumeneko. Koma tidzifunse: kodi anakankhira oimbawo kumeneko ndani? Ngati m'mabwalo a sukulu, m'maukwati ndi m'makomo mwathu tinawatsekera, akanakaimba kuti kuti apeze sopo ndi mchere? Davide anali woimba zeze, ndipo anamuitanira m'nyumba ya mfumu, osati kumutaya kubwalo la oledzera. Lero magitala alowa m'makwaya athu ambiri, ndipo tiyamika. Koma akulu amene anasunga luso limeneli m'zaka zimene linali lonyozeka sitinawapepese, ndipo ambiri sitinawaitane n'kamodzi komwe.

Kwa inu achinyamata tili ndi mau ena. Mwachita bwino kukonda nyimbo ya Agide, ndipo ndinu amene munaifikitsa kumaiko kumene mwini wake sanafikeko. Koma mamiliyoni a pa foni sanasanduke okha ufa m'nyumba ya woimba. Chimene chifika m'thumba mwake mosakaikitsa ndi ndalama imene mulipira pakhomo, kapena imene muika m'chipewa chake nyimbo ikatha. Ndipo nthawi siili kumbali yathu. Daniel Kachamba anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Allan Namoko anatisiya mu 1995. Ambiri amene timawamva pa wailesi tinkati tidzawaona tsiku lina, ndipo tsikulo silinafike. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Si onse angathe kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukaona woimba wotchuka, ndipo n'kosafunikira. M'midzi yozungulira Santhe, Chamama, Chulu ndi Nkhamenya muli okalamba amene anaimbapo m'misasa ya maesiteti, amene maina ao sanamveke pa wailesi, ndipo magitala ao apachikidwa kudenga akudyedwa ndi chiswe. Komiti yokonza ukwati, aphunzitsi okonza tsiku lotsekera sukulu, kapena gulu la achinyamata lofuna chochita Loweruka masana, angathe kuitana mmodzi wa iwo, kumupatsa mpando pamthunzi, kuzimitsa zokuzira mau kwa ora limodzi, ndi kumulipira monga alipira wobwereketsa zimbale. Tikudziwa kuti ena adzaona ngati zachikale. Ayambe amva, adzaweruze pambuyo pake.

Tsiku lija ku Chinkhoma, nkhani itafika apa, mai wa panyumbapo anaulula kuti apongozi ao nawonso anali woimba pa unyamata wao. Mkuluyo anakana kawiri, ponena kuti zala zinauma, koma mdzukulu uja analowa m'nyumba natuluka ndi gitala lakuda ndi utsi, lotsala ndi nsambo zinai. Agogowo analipukuta ndi mkono wa malaya, nakhala nthawi yaitali akumanga ndi kumasula nsambo, mpaka ana aang'ono anayamba kunyong'onyeka. Kenaka anayamba nyimbo ya Chilomwe imene ambiri a ife sitinamve mau ake, yonena, monga anatimasulira pambuyo, za munthu amene anapita kukalima kutali nalonjeza kubwera mvula ikatha. Chala chachikulu chinagunda, chinzake chinayankha. Pakati pa nyimbo anatsitsa mau mpaka tinamva masamba a fodya akukhwekhwereza pamwamba pathu, ndipo mkazi wao, amene anali chete tsiku lonse, anayamba kuvomereza ali chisankhire masamba, osadzutsa mutu.

Atamaliza, mnyamata uja anafunsa kuti nsambo ziwiri zosowazo zingapezeke kuti. Agogo ake anamuuza kuti apite kwa wokonza njinga pamsika akapemphe waya wakale wa mabuleki, ndipo asankhe wosachita dzimbiri.