Jombo Zokavala M'chisanu cha ku Britain: Yambani Mwaziyang'ana Kunsi

Amayi anzanga, masiku ano si zachilendo kumva kuti mayi mnzathu waitanidwa ku Britain ndi mwana wake amene akugwira ntchito ya unamwino kumeneko, kuti akathandize kulera mdzukulu wobadwa kumene. Ulendo wotere ukagwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale, mayi amafunafuna majuzi, jekete ndi mpango wa m'khosi, koma za kuphazi amaziganizira pomalizira. Chikhalirecho n'kuphazi komweko kumene kwagona ngozi.

Chisanu cha kumeneko musachiyerekeze ndi cha ku Dedza m'mwezi wa Juni. Kwathu kuno kumazizira nthaka ili youma. Kumeneko kuzizira kumadza pamodzi ndi mvula. Usiku kukazizira kufika pa madigiri 0, madzi a m'njira amaundana n'kusanduka ngati galasi, lovuta kuliona ndi maso. Mu Disembala dzuwa la ku London limalowa 4 koloko isanakwane, kotero mudzayendapo mumdima. Mayi wamsinkhu wathu akaterereka pamenepo, chimathyoka ndi dzanja kapena fupa la m'chiuno. Tsono dziwani kuti ku England, kuyambira chaka cha 2015, mlendo wongocheza akagonekedwa m'chipatala cha boma amalipitsidwa mtengo wonse wa chithandizocho ndi theka lake pamwamba. Ngongole yotere idzagwera mwana wanu yemwe uja.

N'chifukwa chake ndikuti, mukatenga jombo yooneka bwino yoti muzikapita nayo kutchalitchi, musayambe mwasirira kunyezimira kwake. Itembenuzeni. Ngati soli yake ili yosalala, kaya yachikopa kaya yapulasitiki youma, ibwezeni pomwepo ngakhale itakongola chotani. Funani soli yamphira yokhala ndi mizere yakuya, yoti mukaidina ndi chikhadabo imalobako pang'ono, pakuti pulasitiki ikazizidwa imauma koposa ndipo sigwira pansi. Chidendene chikhale chachikulu ndi chachifupi, masentimita 3 kapena 4 basi. Zidendene zosongoka zija tiwasiyire atsikana a pa ukwati. Ngakhale ndi soli yabwino, pa madzi oundana pondani pafupipafupi, manja ali kunja kwa matumba.

Mdani wachiwiri ndi mchere. Inde, mchere! Kukazizira, malole a makhonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo wambiri umakumbidwa pansi pa nthaka ku Winsford, m'dera la Cheshire. Mcherewu ukalowa m'chikopa umasiya mzere woyera, ndipo mukaulekerera chikopacho chimauma n'kuyamba ming'alu. Chikopa chofewa chaubweya chija amachitcha suede chimamwa madzi amcherewo msanga, ndipo kuchiyeretsa n'kovuta. Sankhani chikopa chenicheni chosalala, chakuda kapena chofiirira, chimene chimalandira polishi. Muchipake polishi yaphula kawiri musanachivale koyamba. Mzere woyera uja ukaoneka, sakanizani viniga woyera ndi madzi muyeso wofanana, mupukute ndi kansalu, ndipo pakauma mupakenso polishi.

Yang'aninso pamene soli yakumana ndi chikopa, chifukwa madzi amalowera pamenepo. Yosokedwa ndi ulusi ndiyo yolimba, ndipo ikatha wosoka nsapato angathe kuikapo ina. Koma jombo zambiri zazimayi n'zomata ndi guluu. Choncho ipindeni m'manja muone ngati sikuyasama m'mbali. Zipi nayo ikhale ndi kachikopa kotchinga kumbuyo kwake.

Pa saizi ndipo ambiri amalakwitsa. Ife tinazolowera nsapato yogwira phazi kuti thi, poti yaikulu imatichititsa manyazi. M'chisanu nsapato yothina imaletsa magazi kuyenda bwino, ndipo phazi limazizidwa koposa. Poyesa valani sokosi yochindikala yaubweya wa nkhosa, yomwe mudzavale kumeneko, ndipo zala zizitha kugwedezeka momasuka. Yesani madzulo, nthawi imene mapazi amakhala atatupako. Musasokonezekenso ndi manambala: 6 ya ku Britain ndiyo 39 imene mumaiona pa nsapato zochokera ku maiko ena a ku Ulaya.

Kodi mugule konkuno kapena mukagule mukafika? Kukhosi kwanga ndikuti pa kaunjika pamapezeka jombo zabwino ndithu, pakuti zambiri zimachokera ku maiko ozizira omwewo, ndipo mudzasowa chovala tsiku lomwe mudzatsike ndege. Koma chenjerani ndi ziwiri. Chikopa chonamizira chimasupuka ngati khungu la njoka. Kandani pang'ono pamene chapindika, mudzaona. Ndipo pali soli ina yopepuka ngati siponji imene ikakhalitsa osavalidwa imafumbutuka yokha, ngakhale ikuoneka yatsopano. Ipindeni mwamphamvu wogulitsa akuona. Ikaonetsa timing'alu, musapereke ndalama yanu.

Jombo zikanyowa, musaziike pa chitsulo chotenthetsa m'nyumba chija chimakhala pansi pa zenera, monga tichitira ndi zovala pafupi ndi mbaula. Kutentha kumaumitsa chikopa ndi kumasula guluu. Unyizirani manyuzipepala m'kati, muwasinthe akanyowa, ndipo muzisiye pakhonde la m'nyumba kufikira mawa.