Kodi mumadziwa? Nyimbo za makatuni a ku Japan zimapukwitsa

Mukaonera filimu ya My Neighbor Totoro ya mu 1988, nyimbo zake zimakukumbutsani kwa agogo ngakhale ku Japan simunapondeko. Anazipeka ndi Joe Hisaishi, wobadwa mu 1950, amene wakhala akugwira ntchito ndi Hayao Miyazaki, yemwe anapanga filimuyi, kuyambira mu 1984.

Chinsinsi china chili m'kaimbidwe. Nyimbo zambiri za ana ku Japan zimayenda pa manotsi 5 okha m'malo mwa 7, ndipo Hisaishi amakonda kutapa mmenemo. Nthawi zambiri piyano imayamba yokha, pang'onopang'ono ngati madontho a padenga, mavayolini n'kubwera pambuyo. Pena pamangoti zii kuti mumve mphepo. Manotsi 5 amenewa ndi ofalanso m'nyimbo zambiri za makolo mu Africa muno, choncho khutu lathu silichita nazo chilendo.

Nkhani ya filimuyi nayonso imagwira mtima: atsikana awiri ali kumudzi, mayi awo ali m'chipatala. Mudziwo Miyazaki anautengera ku Tokorozawa, dera lomwe amalimako tiyi monga m'tsinde mwa phiri la Mulanje lomwe timaliona kuno ku Milange.